Ndani Angamuphe Romeo Masiku Ano?

Romeo anafa chifukwa kalata sinamupeze. Wansembe Lawrence anatuma mnzake John kuti akamuuze ku Mantua kuti Juliet sanamwalire, wangomwa mankhwala ogonetsa ndipo adzuka pakatha maola 42. Koma alonda a mumzinda, poganiza kuti John walowa m'nyumba momwe muli mliri, anamutsekera momwemo kalata ili m'manja. Uthenga umene unafika ku Mantua unali wa wantchito wa Romeo, amene anaona ndi maso ake mtembo ukugonekedwa m'manda a banja la Capulet. Lero mwana wa sukulu aliyense akhoza kuligwetsa sewero lonseli ndi funso limodzi: bwanji sanangomuimbira foni? Funsoli likumveka lachibwana, koma ndi lomwe limasowetsa tulo mlembi aliyense wofuna kuika nkhani yakale ya chikondi chothera m'manda pa nsanja ya zisudzo ya masiku ano. Zambiri zimene zinkapha okondana kale zinatha mphamvu. Makalata safunanso bulu, makolo a m'mizinda yambiri sangathenso kukwatitsa mwana wa zaka 13 pasanathe sabata, ndipo oonera ambiri sakhulupirira kuti nyenyezi zimalemba tsogolo la munthu. Choncho mlembi wamakono ali ndi ntchito imodzi imene sangaithawe: apeze chinthu cha m'nthawi yake chimene chingaphedi anthu awiri okondana, chimene oonera angachizindikire kuti chilipo ndithu kunja kwa holo. Ine ndimayezera masewero amenewa pamenepa. Kumuveka Romeo jinzi ndi kumupatsa mfuti m'malo mwa lupanga ndi ntchito ya wosoka zovala.

Alipo ena amene amakana ntchito yonseyi. Iwo amati nkhani zimenezi zinalembedwa bwino kale, ndipo wozigwiragwira amangoziipitsa. Mbiri siili kumbali yawo. Shakespeare mwiniwakeyo anatenga nkhani ya Romeo ndi Juliet m'ndakatulo yaitali ya Arthur Brooke ya mu 1562, Brooke naye anaitenga kwa Mfalansa amene anamasulira nthano ya Matteo Bandello wa ku Italy, ndipo Bandello anaipeza kwa Luigi da Porto. Brooke anaiyendetsa nkhaniyo miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, ndipo m'mawu ake oyamba anadzudzula achinyamatawo kuti anagonjera chilakolako n'kunyoza makolo. Shakespeare anaipanikiza m'masiku osakwana sabata, anamuchepetsa Juliet msinkhu, anamukulitsa Mercutio, ndipo mlandu anaukankhira kwa makolo odanawo. Iye atamwalira, anthu sanaleke. James Howard analemba mathero oti okondanawo apulumuke, ndipo sewero lake linkasinthana masiku ndi lija lomvetsa chisoni. Mu 1748 David Garrick anamudzutsa Juliet Romeo asanatsirizike kuti atsanzikane, ndipo oonera a ku London anazolowera mathero amenewo kwa zaka pafupifupi zana. Nkhaniyi sinakhalepo ndi mwini mmodzi. Chofunika kufunsa n'chakuti woisinthayo wasintha chiyani, ndipo wapindula nazo chiyani.

Yankho labwino kwambiri pa vuto la kalata lija linaperekedwa mu 1957 ku New York, mu West Side Story, sewero loimba limene nkhani yake analemba ndi Arthur Laurents, nyimbo Leonard Bernstein, mawu a nyimbo Stephen Sondheim, ndipo magule anakonza ndi Jerome Robbins. Poyamba ankafuna kuti mkangano ukhale wa Akatolika ndi Ayuda, koma anaona kuti udani umene unali kuyaka m'misewu panthawiyo unali wa magulu a achinyamata, azungu obadwira momwemo ndi anthu ochokera ku Puerto Rico. Anthu a ku Puerto Rico anali nzika za America kuyambira mu 1917, komabe ankaonedwa ngati alendo olanda malo a eni. Tsono tayang'anani chimene Laurents anachita ndi uthenga uja. Maria, amene ndi Juliet wa m'seweroli, wachedwetsedwa ndi wapolisi amene akumufunsa mafunso, ndiye akupempha Anita kuti akauze Tony, Romeo wake, kuti adikire. Anita ndi chibwenzi cha Bernardo, mchimwene wa Maria, amene Tony wangomupha usiku womwewo. Ngakhale zili choncho, mayiyu akumeza chisoni chake n'kupita. Atafika ku sitolo kumene Tony wabisala, anzake a Tony akumutsekereza, akumunyoza chifukwa cha mtundu wake, mpaka akumugwira mwankhanza. Pochoka, ndi ukali, akuwauza bodza: akamuuze Tony kuti Chino, wa gulu la Bernardo, wamuwombera Maria. Uthenga uja wafika, ndipo wafika utapotozedwa ndi tsankho lomwe lija limene seweroli lakhala likutionetsa chiyambire. Mliri wa Shakespeare unangogwa kuchokera kunja kwa nkhani, ngati ngozi. Bodza la Anita labadwira m'kati mwa nkhaniyo, ndipo ngakhale mutamupatsa foni, akanaimba n'kunena bodza lomwelo. Pamfundo imodzi iyi ndikuona kuti Laurents anamuposa Shakespeare.

Anasinthanso zina ziwiri zimene anthu sazitchula kawirikawiri. Makolo saoneka pa nsanja. Akuluakulu amene tikuwaona ndi apolisi atsankho, mwini sitolo wopanda mphamvu, ndi wokonza dansi amene palibe amamumvera. Udani wa ku Verona unali cholowa chochokera kwa makolo, pamene wa ku New York ndi wa ana amene palibe akuwalera, olimbirana kamsewu kamene palibe mmodzi wa iwo ali ndi nyumba yakeyake. Chachiwiri n'chakuti Maria sakufa. Tony atawomberedwa, iye akutenga mfuti ya Chino, akuiloza magulu onse awiri, akuwauza kuti onse ndi amene amupha, kenako akulephera kuwombera. Akutuluka wamoyo pambuyo pa mtembo. Imfa ya Juliet inkatseka nkhani bwinobwino: makolo agwirana chanza, alonjezana ziboliboli zagolide, oonera apita kwawo mtima uli m'malo. Maria wamoyo satipatsa mpumulo umenewo, chifukwa tikudziwa kuti mawa adzuka mumzinda womwewo, pakati pa anthu omwewo.

Anaïs Mitchell anakumana ndi vuto lofanana nalo pa nthano ya Agiriki ya Orpheus ndi Eurydice. Monga anaifotokozera Ovid, Eurydice analumidwa ndi njoka atangokwatiwa kumene, ndipo mwamuna wake, katswiri woimba, anatsikira kudziko la akufa kukamupempha. Analoledwa kumutenga, pokhapokha asacheuke mpaka atatuluka. Anacheuka. Njoka ija ili ngati mliri wa ku Verona: ilibe chifukwa, ndipo Eurydice alibe chosankha. Mu Hadestown, imene inayamba ngati kasewero koyendayenda ku Vermont mu 2006 n'kudzafika ku Broadway mu 2019, kumene inapata mphoto zisanu ndi zitatu za Tony, Mitchell anaika njala pamalo pa njoka. Nyengo zasokonekera, kukuzizira, chakudya kulibe, ndipo Orpheus watanganidwa ndi nyimbo imene akukhulupirira kuti idzakonza dziko, moti sakumva mkazi wake akumuitana. Hades ndi mwini mafakitale a pansi pa nthaka, ndipo akulonjeza ntchito ndi chakudya. Eurydice akupita yekha, akusaina pangano, kenako akupezeka ali pakati pa antchito oweramitsa mitu amene akumanga khoma lotchinga amphawi, iwo eni akuiwala ndi maina awo omwe. Munthu amene anaonapo mkazi kapena mwamuna akusiya banja kupita kutali kukafuna ntchito, chikondi chilipo koma poto ali gwa, safunika kumufotokozera chimene chamutenga Eurydice.

Ku South Africa, Yaël Farber anatenga Miss Julie ya August Strindberg ya mu 1888, nkhani ya mwana wamkazi wa bwana ndi wantchito wa bambo ake amene akukumana m'khitchini n'kugonana usiku umodzi, kutacha mkaziyo n'kudzipha. Ena angatsutse kuti imeneyi ndi nkhani ya chikondi, ndipo kwa Strindberg mwina sinali. Farber ndiye anaipatsa chikondi, pochititsa kuti awiriwo akulire pamodzi. Mies Julie yake ya mu 2012, imene inachokera ku Baxter Theatre ku Cape Town n'kukatchuka ku Edinburgh, ikuchitikira pa famu ya ku Karoo usiku wa tsiku lokumbukira ufulu, patatha zaka 18 ulamuliro watsankho utatha. Zikanakhala zosavuta kuti chotchinga chikhale khungu basi. Khungu linalidi nkhani mu 1985, chaka chimene lamulo loletsa kugonana kwa azungu ndi anthu a mitundu ina linachotsedwa, pamene John Kani anapsompsona Sandra Prinsloo pa nsanja m'sewero lomwelo la Strindberg ndipo ena mwa oonera anaimirira n'kutuluka. Pofika 2012 kupsompsonana koteroko sikukanatulutsanso munthu m'holo, ndipo Farber anadziwa zimenezo. Anakumba pansi. Christine, amene kwa Strindberg anali chibwenzi cha wantchitoyo, anamusandutsa mayi wake wa wantchitoyo, amene pano dzina lake ndi John, mayi amene analeranso Julie. Makolo a Christine anaikidwa m'manda pansi pa khitchini yomweyo, ndipo makolo a Julie nawo agona pa famu yomweyo. Mkangano ndi wa nthaka, umene unakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1913 lopatsa anthu akuda kachigawo kosakwana limodzi mwa magawo khumi a dziko lawo. John akaganiza za mwana amene Julie angakhale atatenga usikuwo, akuonanso mwini famu wa m'tsogolo, ndipo Julie akazindikira zimenezo sangathenso kusiyanitsa kukondedwa ndi kugwiritsidwa ntchito. Chisankho cha mu 1994 sichinachotse chotchinga chimenechi.

Kutsutsa kwamphamvu kumachokera kwina. Pali ofunsa kuti n'chifukwa chiyani tikufunafuna njira zatsopano zophera akazi pa nsanja. Juliet, Desdemona, Eurydice, Julie, Mimì, Butterfly: mndandandawu ndi wautali, ndipo alembi ake ambiri anali amuna amene ankaona kuti mkazi amakongola kwambiri akagona chagada wopanda mpweya. Funsoli ndi lolungama. Sewero loimba la & Juliet, limene linayamba ku Manchester mu 2019, limaliyankha mosabisa: Anne Hathaway, mkazi wa Shakespeare, akulanda cholembera kwa mwamuna wake, ndipo Juliet akudzuka m'manda, akuuyang'ana mpeni, n'kuusiya. Akumva pamaliro kuti Romeo anali ndi zibwenzi zina zambiri, akuthawira ku Paris ndi anzake, ndipo zonsezi zikuyenda ndi nyimbo za Max Martin zimene anaimba Britney Spears, Katy Perry ndi ena. Ndi sewero lanzeru, loseketsa, ndipo mfundo yake yoti mtsikana asafere mnyamata amene wamudziwa masiku anayi ndi yabwino kuti achinyamata aimve. Koma Juliet ameneyu wapulumuka chifukwa alembi amuchotsera adani. Makolo ake akuopseza, koma sangamuchite kanthu. Ndalama za ulendo sizikusowa. Ngakhale Romeo akudzukanso. Mtsikana amene akukakamizidwadi kukwatiwa sangapezemo njira yotulukira, chifukwa chimene chikumupanikiza iye m'seweroli mulibe. Jonathan Larson anachita mofananamo mu Rent ya mu 1996: analimba mtima kuika Edzi pamalo pa chifuwa chachikulu cha mu La bohème, koma pamapeto anamudzutsa Mimi atatsala pang'ono kutsirizika, ngakhale anali atalola kale kuti mnzake Angel afe ndi matenda omwewo.

Akazi ena olemba anayankha funso lomwelo osamuukitsa wakufayo, ndipo yankho lawo ndi limene limandikhutiritsa. Toni Morrison, mu Desdemona ya mu 2011 imene anapanga ndi woimba wa ku Mali Rokia Traoré ndi wotsogolera masewero Peter Sellars, anamusiya Desdemona ali wakufa n'kumupatsa usiku wonse kuti alankhule ali kumanda. Shakespeare anangotchula modutsa wantchito wa mayi wa Desdemona, dzina lake Barbary, amene anafa akuimba chibwenzi chitamusiya. Morrison anamutenga ameneyu kukhala mkazi wa ku Africa amene analera Desdemona, ndipo atakumana kumandako, mkaziyo akumuuza kuti dzina lake lenileni ndi Sa'ran, ndiponso kuti sanali bwenzi lake koma kapolo. Desdemona, amene takhala tikumulira zaka mazana anayi ngati mwanawankhosa, akupezeka kuti nayenso anali ndi munthu amene sankamuona. Sarah Ruhl, mu Eurydice ya mu 2003 imene anailemba pokumbukira bambo ake omwalira, anatsika ndi mkaziyo kudziko la akufa m'malo motsala ndi mwamuna wolira. Kumeneko Eurydice akupeza bambo ake, amene akumuphunzitsanso mawu ndi kumumangira kachipinda ka zingwe. Orpheus atabwera kudzamutenga, mtima wake wagawanika, ndipo ali m'njira ndi iye amene akuitana dzina la mwamuna wake, mwamunayo n'kucheuka. Mkazi wafabe, koma tsopano tikudziwa chimene ankafuna, chimene ankaopa, ndi gawo limene dzanja lake linachita.

Palinso chodandaula china chimene sindingachikane chonse. Mlembi akaloza chala pa tsankho, njala kapena nthaka, sewero la chikondi likhoza kusanduka phunziro la ndale, okondanawo n'kukhala zikwangwani chabe zonyamula uthenga. Mu 1994 ku Jerusalem, gulu la zisudzo la Aisraeli ndi la Apalestina anachitira limodzi Romeo and Juliet, banja la Montague likulankhula Chiarabu, la Capulet Chiheberi. Mu 2012 Monadhil Daood anabweretsa Romeo and Juliet in Baghdad ku Stratford, momwe atate awiriwo ndi pachibale, wina wa Chisuni wina wa Chishia. Ntchito zoterezi zimafuna kulimba mtima kumene ambiri a ife tilibe, ndipo sindikuzipeputsa. Koma mathero a sewero la ku Baghdad akuonetsa mtengo wake. Okondanawo athawira m'tchalitchi, ndipo Paris, wofunsira Juliet, amene pano ndi mlendo wa gulu la zigawenga, akulowa atavala bomba n'kudziphulitsa nawo limodzi. Kwa anthu a mumzinda umene tchalitchi chinaukiridwadi mu 2010, chithunzichi ndi choona. Monga sewero, chimawachotsera Romeo ndi Juliet chilichonse chochita pa imfa yawo, ndipo chimapeputsako mlandu wa mabanja awiriwo pouika pa munthu wochokera kunja. Tabwereranso ku njoka ya Eurydice, kungoti yavala zovala zamakono.

Masewero amene amapirira ndi amene amatchula mphamvu yakunja koma osawasambitsa m'manja okondanawo. Tony anapita kukaletsa ndewu, koma mnzake Riff atabayidwa anatola mpeni n'kupha mlamu wake. Tsankho silinamugwire dzanja. Mitchell anasintha chilichonse m'nthano ya Orpheus kupatula kucheuka. Akanatha kunena kuti Hades ananama, kapena kuti alonda anamubweza mkaziyo pachipata, ndipo mlandu wonse ukanagwera mwini mafakitale. Sanatero. Hades akusunga pangano lake. Orpheus, amene wangodzutsa antchito onse ndi nyimbo yake, akuyenda yekha mumdima n'kuyamba kudzifunsa ngati munthu wosauka ngati iye angatsatidwedi ndi wina aliyense, ndiponso ngati bwana angalole kugonja mosavuta chotero. Kukayika kumeneku kwabadwa ndi umphawi womwe uja, koma khosi limene likutembenuka ndi lake. Apa ndi pamene nkhani ya ndale ndi nkhani ya chikondi zimakhala chinthu chimodzi, chifukwa dziko loipa lija lalowa m'mutu mwa wokondayo ndipo likugwira ntchito kudzera mwa iye.

Latsala funso la amene amati, ngati mukufuna kukamba za njala kapena nthaka, lembani nkhani yanuyanu, musiye kubwereka mitembo ya eni. Mbali ina akunena zoona, ndipo ndi mbali ya ndalama: eni mabwalo a zisudzo amadziwa kuti dzina lodziwika limagulitsa matikiti, ndipo mlembi wachinyamata wobwera ndi nkhani yosadziwika amadikira nthawi yaitali pakhomo. Koma nkhani yodziwika imapatsa mlembi chida chimene yatsopano ilibe. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma m'masewero awa chimaimba kuyambira pachiyambi. Shakespeare anaulula mathero m'mizere yoyambirira, ndipo Hermes wa mu Hadestown amachenjeza oonera nyimbo yoyamba isanathe kuti nkhaniyi ndi yachisoni. Pamaliro aliyense amadziwa kuti munthu wapita, komabe onse amakhala chete woimira banja akaimirira kuti afotokoze momwe matenda anayendera, chifukwa chimene akufuna kumva ndi pamene zinalakwikira ndi amene anachedwa. Woonera amene akudziwa kuti Tony afa sataya nthawi kudabwa. Maso ake ali pa Anita akulowa m'sitolo muja, ndipo akuona kusiyana kwa ulendo wake ndi wa wansembe John. Kusiyanako ndi kumene kukunyamula mfundo ya mlembi, ndipo kumaoneka pokhapokha ngati nkhani yakale ili kale m'mutu mwa oonera. Kuno kwathu chida chimenechi chilipo, popeza ambiri anawerenga Romeo and Juliet ku sekondale, ndipo Stanley Onjezani Kenani analiika seweroli m'Chichewa. Wofuna kulilembanso kuti lichitikire ku Lilongwe kapena ku Mzimba adzapeza oonera odziwa kale mathero, amene adzakhala akudikira kuona chimene waika pamalo pa mliri uja. Akaikapo ngozi ya minibasi kapena foni yothera moto, adzamuseka. Akaikapo mkangano wa ufumu kapena wa malo a makolo, ayembekezere kuti ena mwa okhala m'holomo ali mbali imodzi ya mkangano wotero ndipo sadzaomba m'manja.